Mukapatsidwa wodwala wa mtundu wa Inuit: malangizo kwa anamwino anzanga ku Canada

Achemwali ndi achimwene amene mwangoyamba kumene ntchito ya unamwino kapena yosamalira okalamba kuno ku Canada, makamaka inu a ku Ottawa, Montreal, Winnipeg ndi Edmonton, nkhaniyi ndi yanu. Mizinda inayi ndi imene imalandira odwala ambiri ochokera kumpoto kwenikweni, kwawo kwa a Inuit. Chigawo cha Nunavut chili ndi midzi 25, palibe msewu wochoka mudzi wina kupita ku unzake, ndipo chipatala chachikulu n'chimodzi chokha, cha ku Iqaluit. Wodwala khansa, wofunika opaleshoni yaikulu, gogo amene wayamba kuiwalaiwala, onsewa amakwezedwa ndege kubwera kummwera kuno. Kuchoka ku Iqaluit kufika ku Ottawa, kumene ine ndimagwira ntchito, ndi maola pafupifupi atatu.

Tsiku lina mnzanu adzakusiyirani lipoti loti wa pabedi lakutilakuti ndi wovuta: sayankha, amavomera chilichonse koma mankhwala samwa, chakudya akubweza, dzulo amafuna kuthawa. Lipoti lotere musalimeze momwe labwereramo. Khalidwe limeneli lili ndi pamene linayambira, ndipo si kale kwenikweni. Zambiri zimene boma la Canada linachita kwa a Inuit zinachitika pakati pa 1940 ndi 1975. Agogo amene mukuwasambitsawo anaziona ndi maso, ndipo mnyamata amene wabwera atamwa mapilisi ambirimbiri analeredwa ndi anthu amene anaziona. Namwino wosadziwa mbiri imeneyi amagwira ntchito ndi mtima wabwino, koma amangoponda pachilonda.

Yambani ndi dzina

Mawu oti Eskimo asatuluke pakamwa panu, ngakhale kuti ndi amene tinaphunzira kusukulu kwathu. Mmodzi ndi Inuk, ambiri ndi Inuit, ndipo chilankhulo chimene mudzamve kawirikawiri ndi Inuktitut.

Musamutchule munthu ndi nambala ya bedi iye akumva, monga timachitira shifiti ikatipanikiza. Kuyambira m'zaka za m'ma 1940, akuluakulu a boma, poona kuti mayina a Inuit akuwavuta kutchula ndi kulemba, anapatsa munthu aliyense kamendulo kovala m'khosi kolembedwa nambala, yoyamba ndi E kwa a kum'mawa ndi W kwa a kumadzulo. Nambalayo ndiyo inkalembedwa pa makalata a boma ndi a chipatala, ndipo ana ena kusukulu ankaitanidwa nayo. Inayamba kutha cha m'ma 1970, pamene Abe Okpik, yemwe anali Inuk, anatumidwa kuyendera midzi kukalemba anthu mayina achiwiri a banja monga amachitira azungu. Okalamba ambiri nambala yawo akuidziwabe pamtima. Ndiye mukamamanga kachibangili ka chipatala pamkono wa gogo, muuzeni kuti n'kachiyani, ndipo mumuwerengere dzina lake limene lalembedwapo.

Funsani kuti, "Ndizikuitanani ndani?" Bwerezani dzinalo mpaka mwini wake akhutire. Kwa iwo dzina limachoka kwa womwalira kupita kwa khanda, ndipo khandalo limatenga ubale wa mwini dzina. Mukamva mayi wamkulu akuitana kamtsikana kuti bambo anga, musalembe m'faelo kuti mutu wasokonezeka. Ife izi siziyenera kutidabwitsa, paja kwathunso mwana wopatsidwa dzina la agogo amalandira ulemu wa agogowo.

Kuvomera kwawo muzikuyang'anitsitsa

Choyamba n'chapafupi. Inuk akakweza nsidze, wavomera. Akakwinya mphuno, wakana. Anamwino ambiri amafunsa funso maso ali pa kompyuta, wodwala n'kuyankha ndi nkhope, iwo n'kulemba kuti sanayankhe. Funsani mukumuyang'ana.

Chachiwiri n'chovuta. A Inuit ali ndi mawu oti ilira, mantha osakanikirana ndi ulemu amene munthu amamva pamaso pa wina amene ali ndi mphamvu pa iye ndipo sadziwika kuti achita chiyani. Akuluakulu awo pochitira umboni pamaso pa makomiti ofufuza anafotokoza kuti ndi mmene ankamvera pamaso pa wapolisi wa RCMP, wansembe, ndi mzungu wa sitolo ya Hudson's Bay. Wapolisi akanena kuti mwana apite kusukulu kapena banja lisamuke, bambo ankavomera, m'mabuku a boma n'kulembedwa kuti anapita mwa kufuna kwawo. Mantha amenewa sanathe. Inuyo ndi yunifolomu yanu ndi fomu m'manja muli pamalo pamene panali wapolisi uja, kaya khungu lanu ndi lakuda chotani.

Ndiye musafunse kuti "Mwamva?" chifukwa yankho mukulidziwa kale. Khalani pansi kuti musamuimirire pamutu. Itanitsani womasulira weniweni. Mdzukulu amene wamuperekeza sangamasulire nkhani ya khansa ya m'chiberekero kwa agogo ake, ndipo si chilungamo kumusenzetsa zimenezo. Nenani momveka kuti, "Mutha kukana, ndipo mukakana tipitirizabe kukusamalirani." Kenako mupempheni akufotokozereni m'mawu ake zimene dokotala akufuna kuchita. Mukafunsa, dikirani. Kwa iwo kukhala chete musanayankhe ndi ulemu ndi kuganiza, ndipo mukathamangira kubwereza funso, mwamudula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Muuzeni kumene akupita ndi tsiku lobwerera

Apa ndiye pagona nkhani kwa ife a chipatala, chifukwa bala limeneli linapangidwa ndi anthu a ntchito yathu yomweyi. Kuyambira 1950 mpaka 1969, chaka chilichonse madzi oundana akasungunuka, sitima ya boma yotchedwa C.D. Howe inkayendera magombe a kum'mawa kwa Arctic. Anthu ankakwezedwamo n'kujambulidwa m'chifuwa. Wopezeka ndi TB nthawi zambiri sankaloledwa kutsikanso, ngakhale kukatsanzika kapena kukatenga zovala. Mayi ankasiya khanda m'manja mwa wachibale pagombe. Mwana wa zaka zinayi ankatengedwa yekha. Ankapita nawo ku zipatala za TB za kummwera, monga Mountain Sanatorium ya ku Hamilton ndi Charles Camsell ya ku Edmonton, kumene ambiri ankakhala zaka ziwiri kapena kuposerapo. Mu 1956, pa a Inuit 7 alionse, mmodzi anali m'zipatala zimenezi. Ana ena anabwerera ataiwala chilankhulo cha amayi awo. Ambiri anamwalira n'kuikidwa konko, abale osauzidwa tsiku ngakhale manda. Zinafika poti anthu ena akaona sitimayo ikubwera ankathawira kumtunda. Justin Trudeau, yemwe anali nduna yaikulu pa nthawiyo, anapepesa ku Iqaluit pa 8 Malichi 2019, ndipo panakhazikitsidwa ntchito ya Nanilavut yothandiza mabanja kupeza manda a abale awo. Anthu akupezabe manda a amayi awo lero, patapita zaka zoposa 60.

Gogo amene wakwezedwa ndege usiku n'kudzukira mu wadi yanu akuyenda njira yomweyo imene amayi ake anapita osabwerako. Akamavala nsapato n'kulunjika ku chitseko, musathamangire kuitana alonda kapena kupempha jakisoni womugonetsa. Yendani naye, mufunseni akupita kuti. Kawirikawiri palibe amene wamuuza kuti ali mumzinda uti, akhala masiku angati, ndipo kwawo akudziwa kapena ayi. Tsiku lililonse muzimuuza zitatu zimenezi, ngakhale munamuuza dzulo. Ngati tsiku lobwerera silikudziwika, nenani choncho, ndipo mutchule chimene tikudikira: zotsatira za magazi, kapena bala kuti lipole. Musalonjeze tsiku pofuna kungomutonthoza. Anthu awa analonjezedwapo zambiri. Imbani foni ya vidiyo kwa abale ake, imeneyo muiwerenge ngati mbali ya mankhwala.

TB nayonso sinathe. Pakati pa a Inuit a kumpoto ndi yochuluka kuwirikiza mazanamazana poyerekeza ndi anthu obadwira mu Canada amene si a mitundu yoyambirira ya m'dzikomo, ndipo china chikuikolezera ndi nyumba: oposa theka amakhala mothithikana. Ife a ku Malawi TB tinaizolowera, kuika wodwala m'chipinda chayekha timakuona ngati nkhani wamba. Kwa Inuk si nkhani wamba. Musanatseke chitseko chimenecho, fotokozani chifukwa chake ndi pamene chidzatsegulidwe, ndipo muzilowamo pafupipafupi, osati pa nthawi ya mankhwala yokha.

Funsani kwawo, ndipo mvetserani yankho lonse

Mukafunsa gogo kuti kwawo n'kuti, atchula mudzi umene uli pa faelo. Mukafunsanso kuti anabadwira kuti, ambiri atchula malo amene sali pa mapu, msasa wa mabanja ochepa kumene ankasaka. Midzi ya masiku anoyi yambiri inadzaza m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, pamene anthu anakokedwa kuchoka m'misasa yawo ndi malonjezo a nyumba, ndi chipatala, ndi chiopsezo choti ndalama ya ana ya boma aimitsa ngati ana sapita kusukulu.

Ena anasamutsidwa mwankhanza kuposa apo. Mu 1953, chaka chimene kwathu anatikakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mabanja a ku Inukjuak, kumpoto kwa Quebec, anakwezedwa sitima kupita makilomita pafupifupi 2,000 kumpoto, kumalo amene lero ndi Resolute ndi Grise Fiord, pamodzi ndi mabanja ena a ku Pond Inlet. Ena anatsatira mu 1955, onse pamodzi anthu pafupifupi 90. Anauzidwa kuti nyama n'zambiri ndipo akafuna adzabwerera pakatha zaka ziwiri. Ali m'sitima ndi pamene anadziwa kuti awagawa, ena atsikira kwina ena kwina. Anapeza dziko limene dzuwa silituluka kwa miyezi, ndipo chisanu choyamba anagona m'matenti. Lonjezo lobwerera silinasungidwe, boma linadzapepesa mu 2010. Ku Labrador, anthu a ku Hebron anauzidwira m'tchalitchi mu 1959 kuti mudzi wawo watsekedwa.

Ndiye panali agalu, amene iwo amati qimmiit. Agalu okoka chileyi pa madzi oundana anali miyendo ya mlenje. Kuyambira m'ma 1950 mpaka m'ma 1970 agalu ochuluka anawomberedwa ndi apolisi ndi ena a boma, ati chifukwa chosamangidwa kapena matenda. Zinali ngati kuotcha bwato ndi maukonde a msodzi wa ku Msaka, kenako n'kumufunsa chifukwa chake akupempha ufa. A RCMP mu 2006 anatulutsa lipoti lokana kuti panali dongosolo lopha agaluwo. A Inuit a ku Baffin, dera la Nunavut kumene kuli Iqaluit, anakhazikitsa komiti yawoyawo, Qikiqtani Truth Commission, yotsogoleredwa ndi James Igloliorte, yemwe anali woweruza milandu, ndipo anthu mazana anachitira umboni. Boma linapepesa kwa iwo mu 2019, kenako kwa a ku Nunavik, kumpoto kwa Quebec, mu Novembala 2024, ndi chipukuta misozi cha madola 45 miliyoni. Amene anadzagula njinga zamoto zoyenda pa chipale ankalipira mafuta ndi zipolopolo pogulitsa zikopa za nyama ya m'nyanja yotchedwa seal, koma msika umenewo unagwa pamene mayiko a ku Ulaya analetsa zina mwa zikopazo mu 1983.

Ndikufotokoza zonsezi chifukwa cha bambo wa zaka 50 amene adzabwere ndi vuto la mowa, ndipo pa fomu pali funso la ntchito. Agogo ake anali munthu wodyetsa msasa wonse. Bambo ake anakhala pakhomo opanda agalu. Funso limenelo musalifunse ndi mawu oweruza. Mufunseni ngati amapita kosaka, amasema, amakonza injini, ndani anamuphunzitsa. Ine ndaona abambo amene anakhala duu mlungu wonse akuyamba kulankhula atafunsidwa za kusaka. Koma za kusamutsidwa ndi za agalu musamufukule. Akayamba yekha, siyani zimene mukuchita mumve.

Musanamukhudze

Ana ambiri a Inuit anatengedwa kupita ku sukulu zogonera konko, monga Turquetil Hall ku Chesterfield Inlet ndi Grollier Hall ku Inuvik. Ankametedwa, kuvekedwa zachilendo, kulangidwa akalankhula chilankhulo chawo, ndipo ambiri anagwiriridwa. Ena mwa oyang'anira ana ku Grollier Hall anadzapezeka olakwa kukhoti. Boma linapepesa mu 2008, ndipo Papa Francis anakumana ndi ena mwa opulumuka ku Iqaluit mu 2022. Mwana wokulira m'chipinda chogona ana makumimakumi sanaone mmene mayi amatonthozera mwana, ndipo atakula n'kubereka, ululu uja unatsikira kwa ana ake.

Kwa inu izi zikutanthauza zinthu zazing'ono za tsiku ndi tsiku. Gogodani. Usiku musafike pabedi mwakachetechete ndi tochi. Tchulani dzina lake ndi lanu muli chapatali. Nenani chimene mukufuna kuchita musanavundukule bulangete. Funsani ngati akufuna wamkazi kapena wamwamuna womusambitsa. Tsitsi musamete popanda chilolezo. Ndipo inu anzanga okonda kupemphera ndi odwala, dikirani ayambe ndi iye. A Inuit ambiri ndi Akhristu olimba, a Anglican ndi a Katolika, ndipo mudzaona Baibulo la zilembo zawo pafupi ndi pilo. Koma kwa ena munthu amene anawapweteka anali atavala mtanda.

Nkhani ya kudzipha ifunseni mosazungulira

Bungwe la a Inuit la Inuit Tapiriit Kanatami, potulutsa ndondomeko yake yolimbana ndi kudzipha mu 2016, linati m'madera awo anthu amadzipha kuwirikiza ka 5 mpaka ka 25 poyerekeza ndi dziko lonse. Mu 2013 mokha ku Nunavut anadzipha anthu 45, m'chigawo cha anthu pafupifupi 35,000, ndipo mu 2015 boma la chigawocho linalengeza kuti zafika pangozi. Mudzamva ena akunena kuti ndi chikhalidwe chawo, kapena ndi mdima wa kumpoto. Ine ndimakana zimenezo, ndipo inunso muzikane. Mdimawo unalipo kuyambira kale. Kudzipha kwa achinyamata kunayamba kukwera cha m'ma 1970 ndi 1980, makamaka pakati pa anyamata, ana a m'badwo umene unasamutsidwa, kutengedwa ndi sitima ndi kutsekeredwa m'sukulu zija. Kafukufuku amene analondola moyo wa anthu 120 amene anadzipha ku Nunavut pakati pa 2003 ndi 2006 anapeza kuti ambiri anachitidwa nkhanza ali ana ndipo ankadwala matenda a maganizo.

Ambiri a ife tinakula tikumva kuti kudzipha ndi tchimo, minyama, kapena kulodzedwa, ndipo kutchula n'kuitana. Zimenezo zisiyeni pakhomo pa wadi. Kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu. Funsani ndi mawu odekha: "Kodi mwakhala mukuganiza zodzipha?" Akakweza nsidze, musadzidzimuke, musalalikire, musamukumbutse za amayi ake kuti achite manyazi. Funsani ngati waganizira njira ndi nthawi. Musamusiye yekha, dziwitsani dokotala ndi mkulu wa shifiti nthawi yomweyo, ndipo mumuuze kuti mukuwadziwitsa, kuti asaone ngati zinthu zikuchitikanso kuseri kwake. Funsaninso amene anamutaya. M'mudzi wa anthu 1,000 aliyense ndi mbale kapena mnzake wa kusukulu, ndipo masabata otsatira maliro otere ndi oopsa kwa otsala.

Akamatuluka, kumbukirani kumene akubwerera. M'nyumba zambiri muli mfuti zosakira. Musanene kuti azitaye, imeneyo ndi ndiwo ya banja; kambiranani ndi iye ndi wachibale kuti mfuti ndi zipolopolo zitsekeredwe kapena zikasungidwe kwa amalume kwa kanthawi. M'midzi yambiri anamwino ndi alangizi amabwera kwa masabata ochepa n'kupita, ndiye wachinyamata wafotokoza kale nkhani yake kwa alendo ambirimbiri. Lembani kalata yomveka bwino kuti asakayambirenso pachiyambi. Mupatseni nambala ya 988, imene imagwira ntchito m'dziko lonse usana ndi usiku, ndi ya Kamatsiaqtut, ya ku Nunavut komweko, 1-800-265-3333.

Chakudya ndi anthu ake

Gogo wobweza mbale nthawi zambiri sanataye chilakolako cha chakudya. Akufuna cha kwawo. Nsomba ya char, nyama ya caribou (mtundu wa gwape wamkulu) yowuma ndi chisanu, seal, khungu la namgumi lotchedwa maktaaq. Abale akabweretsa, n'kuyala katoni pansi, n'kumadula yaiwisi ndi mpeni wa amayi wotchedwa ulu, musakwinye nkhope. Fufuzani kwa dokotala ngati pali choletsa chenicheni, monga chitetezo cha m'thupi chotsika. Ngati palibe, apezereni malo mu firiji.

Musayese kukhala zonse kwa iye. Ku Ottawa kuli bungwe lothandiza a Inuit la Tungasuvvingat Inuit, chipatala chaching'ono cha Akausivik, malo ochiritsira a Mamisarvik, ndi Larga Baffin kumene amagona odwala ndi owaperekeza. Kumpoto, bungwe la Ilisaqsivik ku Clyde River limaphunzitsa alangizi a Inuit m'chilankhulo chawo ndipo limatengera anthu kutchire ndi akuluakulu. Thandizo limene ndaona likugwira kwambiri ndi lochokera kwa anthu awo. Ntchito yathu ndi kuimba foni kuti afike.

Za kunena kuti "ifenso"

Mtima udzakukokani kunena kuti ifenso tinalamulidwa ndi atsamunda, tikudziwa. Pali choona pamenepo: thangata ndi msonkho wa nyumba sitinaziiwale, ndipo nthawi zina wodwala amamasuka akadziwa kumene mwachokera. Koma musafulumire. Ife mu 1964 tinatenga dziko, ndipo Chichewa chimamveka pa wailesi ndi mumsika popanda wopepesa. Chaka chomwecho C.D. Howe inali ikuyendabe, ndipo Nunavut inadzakhazikitsidwa mu 1999. Akakufunsani za kwanu, yankhani mwachidule ndi moona, kenako bwezerani nkhani kwa iye.

Zikavuta, wodwala akamatsirizika, yambani msanga kukankha za ulendo wa abale kapena womubweza kwawo akadali moyo, chifukwa mapepala ndi ndege zimatenga masiku ndipo nyengo ikaipa ndege siziuluka. Akamwalira m'manja mwanu, onetsetsani kuti banja lauzidwa ndi munthu, m'chilankhulo chawo, tsiku lomwelo. Lembani ola limene wapita, amene anali naye, ndi zimene ananena. Sungani katundu wake yense, ngakhale kampeni kapena ulusi wosokera, ndipo musatseke faelo musanadziwe dzina la amene akuyendetsa zotumiza thupi kwawo ndi tsiku limene linyamuke.